Mwala Umene Unkadana ndi Mvula

Anthu akandifunsa zimene ndinkachita ku Glasgow zaka zonse zija, ndimayambira pamtengo wokwera ngati pamsika. Ndimati ndinkagwira ntchito ndi asayansi oyeza miyala. Wofunsayo akapanda kuchoka, ndimatsitsako: ndinkawathandiza. Akaumirirabe, ndimafika pamtengo womaliza. Ndinkakolopa.

Ndisanapite ndinali ndi benchi mumsika wa Limbe. Mpunga, nyemba, mtedza, mazira. Sikelo yanga inali yachikale, ya mbale ziwiri, ndipo sindinama, inkakonda ine kuposa makasitomala. Kilo wanga anali wamanyazi pang'ono. Ndikatero ndinkaponya banyira pamwamba, mayi n'kumapita akundidalitsa, osadziwa kuti banyirayo ndi nyemba zake zomwe.

Ku Ulaya sanaitane ine. Anaitana mkazi wanga, mayi a Chisomo, kuti akasamalire okalamba. Ine ndinalowa m'dzikomo papepala lawo, ngati banyira. Benchi ndinasiyira mng'ono wanga, ana tinasiyira apongozi. Tinafikira ku Easterhouse, m'fulati ya a Mbewe, mkulu wa mpingo, amene anatipatsa chipinda chimodzi ndi malamulo khumi. Lalikulu linali la hita, chotenthetsera nyumba. Ankayatsa okha, kuzimitsa okha, ndipo ukayanikapo chovala ankakuyang'ana ngati wayanika pa guwa.

Ntchito anandipezera ndi iwowo, ku kampani yokolopa. Ananditumiza ku nyumba ina yakale ya miyala yofiira cha kumadzulo kwa mzinda, m'mene munali labu ya asayansi pansi penipeni. Basi yoyamba ya m'mawa, kenako wapansi. Mvula ya kumeneko si ya kwathu kuno imene imabwera ndi mabingu, n'kugwa, n'kupita. Iyo ndi mlendo wosatsanzika. Nsapato zanga za pa kaunjika, zimene ndinanenerera mpaka wogulitsa anandipatsa mondithamangitsa, zinkamwa madzi ngati buledi mu tiyi.

Tsiku loyamba supavaiza anandionetsa chitseko chachitsulo chokhala ndi kawindo.

"Umo usalowe. Usagwire. Usatsamire."

Ndinamvera. Ndikufuna zimenezi zidziwike: chitseko chimenecho sindinachigwirepo.

Pambali pake panali kachipinda kosungira mamopu ndi ndowa. Momwemo munali makina ena ngati firiji yaing'ono, mapaipi ake awiri olowa m'khoma. Kumbuyo kwa makinawo kunkatuluka mpweya wofunda, wa mwezi wa Okutobala weniweni. Nditaumva pamiyendo ndinati Mulungu saiwala ake. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la mvula ndinkavula sokosi, kuzifinya m'ndowa, kuziyala pa timazenera totulukira mpweyawo, n'kumakolopa nsapato zili pakhungu. Pomaliza shifiti zinkakhala zouma ndi zofunda, ndipo ndinkavala wina aliyense asanafike kumeneko.

Makinawo anali a a Dougie, mdala wa ku Gorbals, wokonza zipangizo zonse za mu labu. Chingerezi chawo miyezi itatu yoyamba ndinkangovomera. Mwina ndinavomera ngakhale zoti ndine mbava. Ankafika ine ndikumaliza, n'kundikokera kukhitchini.

"Bigimani, khala pansi. Dziko silithawa."

Ankandigawira banzi la soseji ya makona anayi. Ndinawafunsa kuti nkhumba yake imaoneka bwanji, anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti ukatsika basi umathokoza dalaivala, ndiponso kuti munthu akakufunsa timu imene umaikonda uziti sudziwa mpira. Tsiku limene uthenga unafika woti apongozi agonekedwa m'chipatala, ine ndili kutali ngati wakufa, a Dougie anangotenga mopu n'kukolopa kolido yonse okha.

Koma maso anga anali pa kawindo kaja. Ukasuzumira unkaona botolo lalitali lagalasi lodzaza ndi madzi oyera, ndipo pakati pake timiyala tiwiri totuwa, tonyezimira, tili lende popanda chingwe. Osamira, osayandama. M'mawa uliwonse ndinkasiya mopu n'kumayang'ana, manja kumbuyo.

Mwini wake anandipeza ndili choncho. Anali Morag, mayi wamng'ono kwa ine, amene anakana zoti ndizimutcha dokotala.

"Ukuganiza kuti ndi chiyani?" anafunsa.

"Kwathu tikanati mankhwala. Koma mwina ndi nkhani ya dzira."

"Dzira?"

Ndinamufotokozera kuti mlimi akabweretsa mazira sumakangana naye, umangowaika m'beseni la madzi. Labwino limamira, lovunda limayandama, ndipo lokayikitsa limaima pakati likuganiza. Morag anaomba m'manja ngati ndamuuza nkhani ya m'banja mwake. Anati ndi zomwezo. Madzi aja si akumwa, ndi mankhwala osakanizidwa mpaka kulemera kwake kufanane ndi kwa mwala. Mwala umodzi unali wodziwika kale, winawo ndi umene ankauyerekeza nawo. Chimene ankafuna ndi kudziwa kuti m'kamalo kochepa chonchi mwapanikizana kulemera kochuluka bwanji.

Zimenezo sindinavutike nazo. Ndowa ya mpunga ndi ndowa ya madeya ndi ndowa imodzimodzi, koma khosi limadziwa kusiyana.

"Nanga mukadziwa, ndiye kuti chiyani? Mugulitsa?"

Anati mwalawo ndi silikoni wopanda chosakaniza chilichonse, krustalo, dzina limene ndinkangolimva kutchalitchi. M'kati mwake maatomu anafola mizere yofanana ngati mazira m'thireyi. Anthu ena kwina anayeza kale kampata ka pakati pa atomu ndi atomu. Ukaphatikiza kampatako ndi zimene iye ankayeza, ukhoza kuwerenga maatomu osawaona, monga ndimadziwira mazira a m'katoni osatsekula. Nambala yotulukapo ndi imodzi mwa manambala a chilengedwe amene sasintha, kaya uli ku Limbe kaya kumwezi, ndipo kilo wa dziko lonse amatsamira pa manambala oterowo.

"Ndiye kilo weniweni alipo ndithu?"

"Alipo."

"Wosanenerera?"

"Wosanenerera."

Ndinakhala chete polemekeza makasitomala anga onse.

Anandiuzanso kuti chovuta ndi kutentha. Madzi aja akafunda pang'ono chabe, pang'ono poti khungu la munthu silingamve, amapepuka ndipo mwala umatsika. Akazizira umakwera. N'chifukwa chake makina a a Dougie ankazunguliza madzi ena kunja kwa botolo kuti kutentha kusasunthe. Kuyeza kwenikweni kunkachitika kokha m'mbandakucha, kamera ikuyang'ana, sitima za pansi pa nthaka zisanayambe kugwedeza nyumba. Mwala woyezedwawo unali wobwereka kudziko lina, ndipo unayenera kubwerera dzinja lawo lozizira likamatha.

Mudzaona nokha kuti zonse zofunika anandiuza tsiku lomwelo. Mutu wanga unali pa mazira.

Patapita masabata, a Dougie anayamba kufika nkhope ili gwaa. Banzi ankangondipatsa lonse.

"Mwala wa Morag ukuvina," anatero. "Masiku ena uli phee. Masiku ena kukwera, kutsika, ngati woledzera pa masitepe. Akuti madzi a makina anga sakukhazikika."

Anamasula makinawo masana, kupukuta, kusintha mapaipi, osapeza kanthu. Kenako Morag anabwera ndi pepala kukhitchini, maso akuwala ngati wapeza chuma. Anali ataika masiku ovina pambali pa masiku a mvula. Ankagwirizana onse.

Nkhaniyo inandikoma kwambiri. Mwala wotsekeredwa m'botolo, m'chipinda chopanda zenera lakunja, pansi pa nyumba, ukudziwa bwanji kuti kunja kukugwa mvula? Ndinkaiganizira m'basi. Ndinapereka ngakhale maganizo anga. Ndinati mwina nyumba ikanyowa imalemera n'kutitimira. Ndinati mwina magetsi amafooka anthu onse akayatsa maketulo. Morag analemba la maketulolo m'kabuku kake. Ndinayenda monyada tsiku lonse, sokosi zofunda kumapazi.

Akuluakulu a pamwamba sanaione yokoma. Wina ananena kuti a Dougie akalamba, wina kuti mvula ikagwa mawondo awo amawawa ndiye amagwira ntchito mwaulesi, wina ananong'ona za botolo la mtundu wina. Anawalanda makiyi a kachipinda kaja n'kuitana katswiri wa kampani yakunja kuti aziyang'anira makinawo kuyambira Lolemba. Anati aona kwa masabata awiri. Zikakhala bwino m'manja mwa mlendoyo, a Dougie apita kukapuma kunyumba, chaka chawo chopumira pantchito chisanakwane.

"Ndinalowa muno tsitsi lili lakuda," anandiuza. "Makina amenewo ndimawamva akamapuma. Sindikudziwa chimene andichita."

Lolemba lomwelo kunagwa mvula. Kachipinda kaja ine ndinkalowabe ndi kiyi wa mamopu. Ndinayala sokosi zanga monga mwa masiku onse, ndipo makina anasintha mawu, kuchoka pa kung'ung'udza kupita pa kubuula. Mawu amenewo ndinali nditawamva kambirimbiri. Ndinkati ndi mmene amalandirira alendo. Koma tsikulo zonena za a Dougie zinali m'khutu. Ndinachotsa sokosi. Patapita kanthawi makina anatsitsa mawu. Ndinayalanso. Anabuula. Ndinachita katatu, ndili chiimire osavala sokosi, ngati munthu woyesa loko wa nyumba imene akudziwa kale kuti yabedwa.

Mwala sunkadana ndi mvula. Unkadana ndi ine. Ndinkatseka makina pakamwa.

Madzulo ndinaika nkhaniyo patebulo pa a Mbewe. Mayi a Chisomo sanachedwe.

"Bambo a Chisomo, mungosiya. Yanikani m'thumba mwanu. Ndani akudziwa?"

"Ndikasiya sabata ino, mwala ukhala phee m'manja mwa mlendo. Ndiye kuti umboni wotsutsa a Dougie wakwana."

"Ndiye pitirizani."

"Ndikapitiriza, Morag abweza mwala wopanda nambala."

"Ndiye mukanene, akuchotseni, tidye sokosizo."

A Mbewe anavula magalasi. Ndinadikira mawu a mkulu wa mpingo.

"Achimwene," anatero, "ine ndinakuuzani za kuyanika zovala pa zinthu."

Ndine munthu wa pamsika. Wogula akati apa, wogulitsa akati apo, pamakhala mtengo wapakati. Ndinaganiza usiku ndi usana, ndipo Lachitatu, mvula itagwanso, ndinayanika sokosi imodzi. Ndinati mwala uvine pang'ono, zokwanira kuti mlendo naye aoneke wolephera, koma osati zowononga ntchito ya Morag. Ndinakolopa phazi limodzi lili lonyowa, ndikudziona wanzeru kuposa onse a m'nyumbamo.

Mwala sudziwa kunenerera. Unavina chimodzimodzi.

Lachinayi ndinapeza Morag ali kale kukhitchini, chinthu chimene sichinachitikepo. Anali atagoneka mutu patebulo, mapepala ali mbwee. Atadzutsa nkhope anayesa kumwetulira.

"Ndikuganiza kuti vuto ndine," anatero. "Mwina ndinasakaniza madzi molakwika kuyambira pachiyambi. Ndipo Dougie akuvutikira zanga. Akuluakulu akuti ngakhale mlendoyu alephere, ndiye kuti Dougie anawononga makina kalekale."

Apo mtengo wapakati unathera. Ndinatsamiritsa mopu kukhoma. Koma chizolowezi ndi chizolowezi, ndinayambira pansi.

"Morag, tiyerekeze kuti munthu wina, osati wa muno, ataika kansalu pafupi ndi makina aja."

"Pafupi bwanji?"

"Pafupi ndithu."

"Pamwamba?"

"Kumbuyo. Potulukira mpweya."

Anakhala tsonga. "Kansalu kotani?"

"Kopyapyala. Konyowa pang'ono."

"Tinsalu tingati?"

"Tiwiri. Dzulo kamodzi."

Anayang'ana nkhope yanga, kenako anatsitsa maso mpaka kumapazi. Nsapato zanga zinali zitasiya timadziwe tiwiri pansi pamene ndinali nditakolopa kumene.

Ndinayembekeza kukalipiridwa. Ndinali nditakonza kale nkhope yanga. Koma iye anaimirira pang'onopang'ono, n'kufunsa nthawi imene ndinkayala, nthawi imene ndinkachotsa, ngati zinali za thonje kapena za ubweya. Ankalemba zonse. Anthu amenewa ndi odabwitsa. Iwe ukuulula tchimo, iwo akuona chipangizo.

"Mawa ubwere nazo," anatero. "Zomwezo. Usachape."

Mawa lakelo, kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonse, Glasgow inacha kopanda mtambo. Sokosi tinachita kunyowetsa pampopi. Tinaima anayi m'kolido: Morag ndi kompyuta m'manja, mkulu wina wa pamwamba atavala jekete pamwamba pa malaya ogonera, a Dougie, ndi ine wosavala sokosi. Morag anati yala. Ndinayala. Makina anabuula. Tinadikira. Pa kompyuta panali mzere wowongoka ngati msewu wa ku Zalewa, ndipo tikuyang'ana unayamba kupindika. Anati chotsa. Patapita nthawi unawongoka. Tinabwereza kawiri, chifukwa kwa iwo chinthu chikachitika kamodzi ndi mphekesera.

Mkulu uja anakanda m'mutu n'kufunsa kuti ndani anaganiza zosungira mamopu m'chipinda cha makina. Anatulutsa makiyi m'thumba n'kupereka kwa a Dougie, maso ali kumbali.

A Dougie analandira. Sanandiyang'ane. Ndinati, "Madala, pepani." Anadutsa pambali panga ngati ndine ndowa.

Kampani yokolopa sinandichotse ntchito, chifukwa Morag analemba kalata yoti lamulo limene ndinapatsidwa ndinalisunga. Inangondisamutsira ku maofesi a m'tauni, kumene kunalibe chosuzumira, mapepala ndi makapu okhaokha. Ndinakolopa kumeneko zaka zotsalazo, tikutumiza kumudzi zimene tinkatha, mpaka msana unati basi. Nditabwerera kuno ndinapeza benchi yanga ikugulitsa machaja a foni, mng'ono wanga ali ndi mimba ngati ya bwana, ndipo Chisomo, amene ndinamusiya akundikwera pamapewa, akundipatsa moni wogwada ngati ndine mlendo wa abambo ake. Zimenezo ndi nkhani ina, ndipo sindinaimalize kuimvetsa.

Koma za a Dougie zinandiwawa kuposa kusamutsidwa. Masabata anadutsa. Ndinkati ndikaona mdala wa chipewa m'basi ndinkamusuzumira kunkhope, poyesa kuti ndi iwo. Ndinagula ngakhale soseji ya makona anayi ndekha, koma sinakome.

Lamulungu lina titangobwera kutchalitchi, belu la fulati linalira. A Mbewe anasuzumira pawindo.

"Kuli mzungu pansipa, waimika galimoto mokhota. Akuti akufuna bigimani. Muno muli bigimani?"

Ndinatsika ndi suti yanga ya kutchalitchi. A Dougie sanatsike m'galimoto.

"Lowa. Mwala ukupita mawa."

Panjira anatukwana dalaivala wina pa maloboti. Titafika tinapeza Morag akudikira pa chitseko chachitsulo chija, chili chotsekula. Anati nambala yake yapezeka, yakhazikika, yatumizidwa kale. Si iye yekha, anatero, ena m'maiko ena akuyeza mbali zawo, yake ndi njerwa imodzi. Makina anali atazimitsidwa ndipo chotchinga cha madzi ozungulira botolo aja chinali chitachotsedwa. Anandiveka timatumba tabuluu kunsapato.

Ndinalowa. Pafupi, miyala ija inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaionera, yosalala moti ndinaona nkhope yanga m'menemo, mphuno yokhayokha. Inali lende pakati pa madzi, phee, ngati dziko lonse laima kuti iyo isagwedezeke.

"Ika dzanja pagalasi," anatero Morag.

Ndinayang'ana a Dougie.

"Wamva. Lero ndi lololedwa."

Ndinaika chikhatho. Galasi linali lozizirira. Poyamba palibe chinachitika, ndipo ndinati mwina akundiseka. Morag anati dikira. Ndinadikira mpaka mkono unayamba kulemera. Kenako mwala wa kufupi ndi dzanja langa unasuntha. Pang'ono, ngati munthu wogona akamatembenuka. Unayamba kutsika, mwaulemu, osafulumira, winawo n'kuutsatira. Palibe chimene ndinakankha. Kutentha kwa magazi anga okha, kumene ndinkadandaula nyengo yonseyo kuti kwandithera, kunadutsa galasi n'kukapepukitsa madzi.

"Ndine ameneyo?" ndinanong'ona.

"Ndiwe," anatero Morag.

Sindinachotse dzanja. Ndinaperekeza mwalawo ndi maso mpaka unakagunda pansi pa botolo popanda phokoso. Kumbuyo kwanga ndinamva a Dougie akufwenthera, kenako chikhatho chawo cholemera chinagwera paphewa langa.

"Waona, bigimani?" anatero. "Nkhani sinali sokosi. Iweyo ungoima penapake, zinthu zimayamba kumira."